Khutu la Yamikani

Achimwene,

Kalata yanu ndinailandira Lachiwiri, anabwera nayo a Jere pamodzi ndi sopo uja ndi mafuta odzola. Zikomo kwambiri. Nsapato zija ndiye ayi, phazi langa munaliiwala. Zimandithina chala chachikulu, moti ndangomupatsa Mavuto, ndipo akuyenda nazo monyada ngati wagula yekha. Kuno tadzuka, kaya inu kumeneko ndi alamu.

Chithunzi cha Yamikani ndachiona. Ndinachita kutuluka nacho panja kuti ndichione padzuwa, poti magalasi anga anathyoka mwendo umodzi ndipo ndikumangira ulusi. Mwana wakula ameneyu, mapewa ngati a malemu agogo ake. Koma achimwene, khutu lakumanzere lija latani? Mwalemba masamba atatu athunthu, za lendi, za kuzizira kwa ku Joni, za mtengo wa ufa, koma za khutu osanenapo ngakhale liwu limodzi. Kodi simukuona kuti layamba kufufuma ngati chitumbuwa chili m'mafuta? Ndinaonetsa aNambewe osawauza kanthu, iwonso chimene anayamba kufunsa ndi chomwecho, akuti kodi mwanayu njuchi zamuluma.

Tsono mwandifunsa kuti, poti ine ndimaonera zomenyana za m'khola zija, ndikuuzeni ngati jiu-jitsu amene mwanayu wayamba ali ndi phindu, komanso ngati mumulole kusiya kukoleji kuti akalowe m'kholamo. Ndayamba ndaseka kaye. Zaka zonsezi mwakhala mukundinena kuti ndimatha ndalama kugula bandulo kuti ndizionera amuna akuluakulu akukumbatirana pansi. Lero mwabwera nokha, chipewa m'manja. Chabwino, khalani pansi ndikuuzeni za munthu mmodzi wa ku Brazil, dzina lake Demian Maia. Mukamaliza kuwerenga mumupatse Yamikani awerengenso, kupatula pamene ndikunena za khutu lake.

Poyamba mudziwe kaye chimene mwana wanu akuchita madzulo aliwonse, chifukwa m'kalata mwanu mwachitcha karate, ndipo Yamikani akamva mukunena choncho akusekani. Mu jiu-jitsu mulibe chibakera kapena theche. Umamugwetsa mnzako, kumukwera, kenako kumupinda mkono kapena kumufinya khosi mpaka agogode ndi dzanja kusonyeza kuti wagonja. Akagogoda umamusiya pomwepo, nonse n'kudzuka, n'kugwirana chanza. Kufinya khosi kwake kawirikawiri si kotseka mpweya ayi, amapana mitsempha iwiri ya m'mbali mwa khosi imene imapititsa magazi kumutu, ndipo wamakani amene sakufuna kugogoda amakomoka pa masekondi ochepa chabe. Ndi kugwetsana komwe kuja tinkachita pamchenga kudambo tikudyetsa ng'ombe, kungoti anthu awa anakuika m'masukulu n'kumapatsana malamba. Mukukumbukira kuti inu simunandigwetsepo? Musatsutse, mboni zina zikadali moyo. Luso limeneli linafika ku Brazil ndi Mjapani wina wa judo, Mitsuyo Maeda, banja la a Gracie n'kulitola n'kulisula mwa njira yawo. Mu 1993 mmodzi wa iwo, Royce Gracie, munthu wowonda, anagonjetsa zimphona pa mpikisano woyamba wa UFC, bungwe la ndewu za m'khola, ku Denver ku America, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wolowa m'khola anayamba kuphunzira zapansi.

Maia anabadwira ku São Paulo mu 1977. Apa ndikufuna mudule mzere pansi: munthuyu anapita kukoleji, anaphunzira utolankhani mpaka kumaliza. Lamba wakuda, wa akatswiri, anamulandira kwa mphunzitsi wake Fabio Gurgel. Pali mpikisano waukulu wa zogwetsanazi wotchedwa ADCC, umene umachitika kamodzi pa zaka ziwiri, ndipo amalimbana osavala zijasi zawo zija. Mu 2005 Maia anafika mu fainolo koma anagonja kwa m'Brazil mnzake, Ronaldo Souza, amene amamutcha Jacaré, ng'ona ya kwawoko. Mu 2007 anabwereranso n'kutenga chikho. Chaka chomwecho, mu Okutobala, analowa mu UFC ali ndi zaka pafupifupi 30. Onani, zaka 30, sukulu ili m'thumba, dzina lili kale. Wanuyo ali ndi 19 ndipo lamba wake ndi woyera ngati thewera.

M'kholamo tsono ndi nkhani ina, chifukwa mumaloledwa zibakera, mateche, mawondo ndi zigongono. Akatswiri ambiri a jiu-jitsu akalowamo amapeza kuti mnzawo sakudikira kuti amugwire mwendo, akumuswa mphuno. Koma Maia ndewu zake zisanu zoyambirira anapambana zonse mogonjetsa munthu pansi: Ryan Jensen, Ed Herman, Jason MacDonald, Nate Quarry, ndi Chael Sonnen ku London mu Febuluwale 2009. Kamenyedwe kake kanali kosasangalatsa anthu okonda magazi. Amayandikira pang'onopang'ono, kugwira mwendo umodzi, kukankhira munthu kuwaya, kumugwetsa. Akatero sathamanga. Amasuntha pang'ono, kudikira, kusunthanso, mpaka upeze wafika kumsana, miyendo wakoleka m'chiuno, wadzibereketsa ngati mwana wa kumbuyo. Munthu wamkulu n'kumayendayenda m'khola atabereka bambo wa ndevu, osatha kumutsitsa. Kenako mkono umalowa pansi pa chibwano basi, nkhani yatha. Ndipo iye ankanena poyera kuti cholinga chake ndi kupambana popanda kuvulaza mnzakeyo. Tangoganizani, munthu ntchito yake ndi ndewu, koma safuna kupweteka wina. N'chifukwa chake ndinamukonda. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ameneyu anali nako kudekhako.

Ndadukiza pang'ono, ndinapita kukathamangitsa mbuzi ya a Chisale. Yandidyera mpiru wonse kuseri kuja, ulendo wachitatu tsopano. Ndikawauza amangoti pepani aneba, chingwe chinaduka. Chingwe chanji chimene chimaduka Lolemba lililonse? Dzulo ndinaigwira mwendo wakumbuyo, ndinaganiza zoibereka kumsana mwa Maia kuti igogode, koma msana wanga ndi umene unayamba kugogoda. Mpaka pano ndikukhala mopendekeka. Mipanda ya bango nayo yakwera mtengo, musafunse.

Tibwerere. Mu Ogasiti 2009 anakumana ndi Nate Marquardt. Maia anati aponye theche, mnzakeyo anamulandira ndi chibakera chimodzi chakumanja, munthu n'kuuluka m'mwamba n'kugwa chafufumimba. Masekondi 21. Yamikani aone kanema ameneyu, ali pa YouTube, sadya bandulo yambiri poti ndi wamfupi. Zaka zonse za jiu-jitsu, zikho zonse, sizinapeze ngakhale mpata wogwira chala cha munthu.

Komabe mwayi unamugwera. Vitor Belfort amene amayenera kulimbirana lamba wa ukatswiri wa UFC wa makilogalamu 84 anavulala, ndiye anaitana Maia kuti akakumane ndi Anderson Silva ku Abu Dhabi mu Epulo 2010. Ndewu imeneyi ndimaionera mtima ukuwawa. Silva anali mfumu nthawi imeneyo, ndipo anaona kuti Maia sangamugwire. Ndiye anayamba kumusewera: kuvina, kutsitsa manja, kumulalatira, kumenya pansi kuti bwera. Anamutupitsa diso mpaka kutsekeka, mphuno magazi okhaokha. Kenako m'zigawo zomaliza Silva anangoyamba kuzungulira khola osamenya, mpaka woyimbira anamuchenjeza. Maia, diso limodzi, ankamutsatabe, mpaka penapake ankaponya zibakera ali chogwada. Anthu amene anabwera kudzachemerera Silva anatembenuka n'kuyamba kuitana dzina la Maia. Silva anapambana pa mapointi, koma mkulu wa UFC, Dana White, anakwiya moti sanafune n'komwe kumuveka lamba yekha monga amachitira. Kugonja kulipo, achimwene, koma kusekedwa pamaso pa dziko lonse ndi chinthu china. Inu mungapirire kuona Yamikani akuchitidwa zotero? Alamu angapirire?

Chimene chinatsatira ndi chimene chimandiphunzitsa kwambiri. Manyazi aja anamulowa, ndipo anaganiza kuti vuto lake ndi losadziwa nkhonya. Anayamba kuthera nthawi yambiri pa nkhonya, ndewu zake n'kumathera pa mapointi, kufinya khosi kuja kunasowa. Anasanduka wankhonya wapakatikati, pomwe pansi analibe mnzake. Anagonja kwa Mark Muñoz mu 2011, n'kugonjanso kwa Chris Weidman kumayambiriro kwa 2012. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Atazindikira, anachepetsa thupi n'kutsikira ku makilogalamu 77, ndipo anabwerera kumunda wake. Maia anamufinya nkhope Rick Story ku Rio mpaka magazi kutuluka m'mphuno, ndipo Jon Fitch, katswiri wogwetsa anzake, anakhala ataberekedwa pafupifupi ndewu yonse.

Za kuchepetsa thupiko nazo muzidziwe. Anyamatawa amadzimana chakudya ndi madzi masiku oyandikira sikelo, kudzitulutsa thukuta mpaka masaya kulowa. Mwana amene kwathu kuno ankamaliza mitanda isanu ya nsima ameneyo adzatha?

Koma khutu lija, achimwene. Ndayesa kulisiya koma likundibwerera. Chimene chimachitika n'chakuti khutu likamakhuzika pamkeka kapena pamutu wa mnzake, magazi amaundana mkati pansi pa khungu. Akapita msanga kuchipatala amawachotsa ndi jakisoni n'kulimanga, limabwerera. Akachedwa limauma momwemo, ndipo silibwereranso lokha mpaka kumanda. Anyamata ena amanyadira, amati ndi chizindikiro cha ukatswiri. Ukatswiri wanji? Taganizani tsiku la chinkhoswe. Ife takhala uku, akuchikazi akhala uko, mkamwini akulowa, anthu onse maso pa khutu. Ankhoswe akuchikazi akunong'onezana kuti kodi matendawa ndi akumtundu. Ine amene ndidzakhale nkhoswe ndidzayankha chiyani? Ndidzati ndi za ku Brazil? Ndipo likadzafufuma linalo, magalasi adzakoleka pati akadzafika msinkhu wathu uno? Adzamangira ulusi ngati ine. Usiku wa Lachitatu ndinalota mwanayu akutsika basi pa Wenela makutu ali ngati bowa wa utale, ana akumutsatira. Mupite naye kuchipatala sabata ino, ndipo mumugulire zotchingira makutu zimene ogwetsana amavala. Ndalama ya nsapato zothina ija bwenzi mutagula zimenezo.

Mwina mukudabwa kuti zonsezi ndimazidziwa bwanji. Chichokereni mayi a Tadala tulo sindiliona bwino. Ndimagona cha m'ma 9 koloko, pofika 2 koloko maso ali gwa. Nyumba yonse zii, ngakhale wotsokomola palibe. Poyamba ndinkayatsa wailesi, kenako ndinayamba kuonera ndewu zakalezi pafoni, imodzi ndi imodzi, ndi kuwerenga mbiri za anthu ake. Zimene zimachitikira ku America zimafika kuno m'bandakucha, nthawi yomwe ine ndili maso kale, ndiye tinapezana. Pali china chake chimene chimanditonthoza ndikamaona munthu wapanikizika pansi, sakutha kupuma bwino, koma sakuchita phuma, akungosuntha chiuno pang'ono kufuna mpata. Sindinauzepo munthu zimenezi. Tadala amaganiza kuti ndimaonera maulaliki.

Paja a Gondwe tinawaika mwezi watha, ndikhulupirira munamva. Anthu anabwera ambiri. Pa gulu lathu lija la kudambo tatsala atatu, inu, ine ndi Fanuel, ndipo Fanuel sakumvanso bwino. Ntchito nayo ndinapuma kumapeto kwa mwezi womwewo, anandipatsa wotchi ya pakhoma. Ikuchedwa ndi mphindi 10.

Cholembera chija chatha, ichi ndabwereka kwa mwana wa sukulu, mukhululuke mtundu wa inki.

Kuyambira 2014 mpaka 2017 Maia anapambana ndewu 7 zotsatizana, ali kale bambo wa zaka za m'ma 30 kumapeto. Neil Magny anagogoda, Matt Brown anagogoda. Gunnar Nelson wa ku Iceland, yemwenso ndi wa lamba wakuda, Maia anamuphunzitsa ngati mwana wa sitandade 1. Carlos Condit, munthu woopsa amene anagwirapo lamba wogwirizira, sanathe naye ngakhale mphindi ziwiri ku Vancouver mu 2016. Aliyense ankadziwa chimene Maia akubwera kudzachita. Panalibe chinsinsi. Ankakonzekera miyezi kuti asagwidwe mwendo, tsiku likafika n'kugwidwa mwendo womwewo. Koma akuluakulu a masewerawa ankazengereza kumupatsa mwayi wa lamba, poti munthu waulemu wosatukwana sagulitsa matikiti. Anachita kudutsanso kwa Jorge Masvidal mu Meyi 2017 kuti amulole.

Mu Julayi 2017, ku Anaheim, anakumana ndi Tyron Woodley ali ndi zaka 39. Woodley ndi munthu wamfupi wojintcha, wogwetsana kuyambira ali kusukulu, ntchafu ngati mitondo. Maia anadumphira mwendo, Woodley anauchotsa. Anadumphiranso, anauchotsanso. Zigawo zisanu, mphindi 25, anayesa maulendo oposa 20 ndipo sanamugwetse ngakhale kamodzi. Diso linatupanso. Anthu ankakuwiza kuti ndewu yake ndi yogwetsa ulesi. Ine ndinaionera nditaimirira pakati pa nyumba usiku, ngakhale ndinkadziwa kale mathero ake, ndikumuuza kuti yesanso, yesanso. Kawiri konse anafika pakhomo pa lamba, kawiri konse chitseko chinamutsekera. Ulendo woyamba anamuseka, wachiwiri anangomukaniza.

Zotsatira zake ndidula. Anagonja kwa Colby Covington kwawo ku São Paulo, mnyamatayo n'kutukwana anthu a ku Brazil pamaso pawo. Anagonjanso kwa Kamaru Usman wobadwira ku Nigeria, amene pambuyo pake anadzatenga lambayo. Anthu anati wakalamba. Mu 2019 anapambana katatu, ndipo ku Singapore anakomola Ben Askren, munthu amene anapikisanapo pa Olympics. Kenako mu Malichi 2020, Covid itangoyamba, anamenyana ku Brasília m'bwalo lopanda woonerera ngakhale mmodzi. Mdani wake anali Gilbert Burns, m'Brazil mnzake, katswirinso wa dziko lonse wa jiu-jitsu, koma wamng'ono kwa iye ndi zaka pafupifupi 9. Maia anamugwetsa, anafika kumsana monga mwa nthawi zonse, koma uyu ankadziwa njira zomwezo, anapulumuka, n'kumugwetsa ndi chibakera chakumanzere. M'bwalo muli zii ngati m'nyumba muno. Ndewu yake yomaliza mu UFC inali mu Juni 2021, anagonja kwa Belal Muhammad ali ndi zaka 43. Anapambana ndewu 22 m'bungwe limenelo, lamba osamugwira.

Ndikudziwa chimene Yamikani akuyankheni. Akuuzani za Dricus du Plessis wa konko, amene anayambira mu EFC, bungwe la ndewu za m'khola la ku South Africa, momwemo mwanayu akufuna kulowa, n'kukatenga lamba wa makilogalamu 84 mu Januwale 2024, lamba yemwe uja Maia anamulephera ku Abu Dhabi. N'zoona, zinachitika. Koma mumufunse kuti anyamata ena onse amene ankachita naye masewera Dricus ali kuti lero, ndipo amadya chiyani. Mumufunsenso kuti bondo likaduka mtsempha, kuchipatala adzalipira ndani, inu ndi malipiro anu aja? Jiu-jitsu yekhayo musamuletse ayi. Mwana amene amathera madzulo pamkeka sapezeka kumowa, ndipo kugogoda tsiku ndi tsiku kumachotsa matama. Kholalo ndi limene ndikukana, pepala la kukoleji lisanalowe m'nyumba. Ngakhale kunena zoona, achimwene, ndikanakhala ine wa zaka 19, ndipo wina n'kundionetsa Maia atabereka Condit, sindikhulupirira kuti ndikanamvera kalata ya nkhalamba ya magalasi a ulusi. Ife tomwe bambo anu anatiletsa kangati kugwetsana kudambo?

Pepala latha, apa ndikulemba kuseri kwa envelopu ya msonkhano wa mpingo. A Jere anyamuka mawa m'mawa, ndawapatsira nyemba ndi usipa pang'ono, muwafunse asakuuzeni kuti zinatsala pa boda. Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti chitenje chija aNambewe akudikirabe. Khutu, achimwene, musaiwale khutu. Ndipo mukamuona Yamikani mumufunse ngati aphunzitsi akewo amalandira anthu a msinkhu wathu, chifukwa ndikadzabwera mu Disembala ndikufuna inu ndi ine tikalowe pamkekapo kamodzi kokha, tione ngati zaka zonsezi mwaphunzirako kanthu, kapena ngati mudakali yemwe uja amene ndikangomugwira mwendo wakumanzere basi amayamba kuitana amayi ake, chifukwa tsiku lija kudambo pamene ng'ombe za a Gondwe zinalowa m'munda ife tili pakati pa

Mbuzi ija yabweranso.